Mapazi pa Thanthwe: Kodi Chiyambi cha Chilengedwe Chikuloza kwa Mulungu?



Nkhani ya lero ndinaitola pamaliro. Munali mu Julayi, kumudzi kwathu, usiku wa chisanu cholowa m'mafupa. Amayi anali m'nyumba ya siwa akuimba, ife abambo titazungulira moto panja, aliyense atadzikuta ndi chimene anabwera nacho. Mwezi kunalibe. Amene munagonako kumudzi kopanda magetsi mukudziwa mmene thambo limatsikira pafupi usiku wotere. Mlalang'amba unali utayala kuchokera uko kufika uko, ngati ufa wotayikira panjira. Mkulu wina wa mpingo, munthu wa imvi, anakweza maso nanena kuti woona zonsezi n'kumakanabe Mulungu ndiye kuti maso ake ndi okongoletsa nkhope chabe. Mphwake wa malemuwo, mnyamata wophunzitsa sayansi kusekondale, anayankha mwaulemu ndithu. Anati, "Agogo, sayansi inafotokoza kale mmene zonsezi zinayambira. Kunachitika kuphulika kwakukulu." Mkulu uja anasonkhezera chikuni, nati, "Chabwino mwana wanga. Nanga anaphulitsayo ndani?"

Anakokanakokana mpaka tambala woyamba. Ine ndinangokhala chete, koma nkhaniyo sinandichoke mumtima. Ndinene poyera kuti ndine wokhulupirira, kuti mudziwe pamene ndaima. Komabe usiku umenewo ndinaona kuti aliyense mwa awiriwa anagwira mbali ya zoona, ndipo aliyense ankafulumira kugamula mlandu mboni zisanathe kulankhula.

Chinenero chathu chomwechi chinagamula kale. Thambo, dziko, nyanja, nyenyezi, zonse pamodzi timati chilengedwe, mawu ochokera ku kulenga. Munthu wofuna kukana Mlengi m'Chichewa amayamba watchula cholengedwa, kenako n'kumakana wochilenga. Makolo athu anali ndi mayina ake: Namalenga, Chauta, Mphambe. Anali ndi malo omwe: Kaphirintiwa, kumapiri a Dzalanyama. Nthano ya Achewa imati Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama, anthuwo atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, ndipo poti thanthwe linali likadali lofewa, mapazi awo anadindika pamenepo. Chimene chimandigwira mtima m'nthanoyi ndi mapaziwo. Makolo athu sanakhutire ndi mawu okha, anafuna chizindikiro choti munthu n'kuloza ndi chala. Akatswiri a zakuthambo nawonso anapeza chizindikiro cha chiyambi, chodindika pathambo lonse. Mkangano wa pamoto paja unali woti phazilo ndi la yani.

Tiyambe ndi zimene anapezazo, chifukwa ambiri amene amatchula kuphulika kwakukulu, ovomera ndi okana omwe, sadziwa kumene maganizowo anachokera.

Zaka za m'ma 1900 zikuyamba, akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti thambo lilibe chiyambi. Linalipo, lilipo, lidzakhalapo, osasintha. Albert Einstein nayenso ankaganiza choncho. Atatulutsa chiphunzitso chake cha mphamvu yokokera zinthu mu 1915, anaona kuti masamu ake sakulola thambo kukhala phee, moti mu 1917 anawonjezamo kachigawo kena kolichirikiza kuti liime. Mu 1922 katswiri wa masamu wa ku Russia, Alexander Friedmann, anasonyeza kuti masamu omwewo amalola thambo kufutukuka. Kenako mu 1927 munthu wina wa ku Belgium, Georges Lemaître, anafika payekha pamfundo yomweyo, n'kuilumikiza ndi zimene makina oonera kutali ankasonyeza. Tamverani bwino apa: Lemaître anali wansembe wa Katolika. Anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, atabwerako anadzozedwa unsembe, n'kumaphunzitsa payunivesite ya Louvain atavala kolala yake. Atakumana ndi Einstein, mkuluyo anamuuza kuti masamu ali bwino, koma maganizo ake pa zachilengedwezo ndi onyansa. Patangopita zaka 2, mu 1929, Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya paphiri la Mount Wilson ku California, anasonyeza kuti milalang'amba ina ikutithawa, ndipo yakutali kwambiri ndi imene ikuthawa mwaliwiro kwambiri.

Anadziwa bwanji? Imani m'mbali mwa msewu basi ikudutsa ikuliza hutala. Ikamabwera kulira kwake kumakhala kokwera, ikangokudutsani kumatsika. Kuwala kumachitanso chimodzimodzi: chinthu chikamapita kutali, kuwala kwake kumapendekera kofiira. Ndipo musaganize kuti ife ndiye tili pakati, zonse zikuthawa ife. Amayi okazinga mandasi andimvetsa msanga. Kandani ufa wothira yisiti, muwazemo nthangala za nyemba, muuvundikire. Ukamafufuma, nyemba iliyonse imatalikirana ndi inzake iliyonse, ngakhale palibe imene yayenda. Ufawo ndi umene ukukula. Ndi mmene danga la pakati pa milalang'amba likuchitira. N'chifukwa chake mawu oti kuphulika amasocheretsa. Sikuti bomba linaphulika m'chipinda chimene chinalipo kale. Chipindacho ndi chimene chinayamba kukula.

Tsono Lemaître anabweza nkhaniyi chammbuyo. Ngati lero zinthu zikutalikirana, dzulo zinali pafupi, dzana pafupi kwambiri. Mu 1931 ananena kuti zonse zinayambira pamodzi, pamalo othinana kwadzaoneni. Ambiri sanakondwe nazo. Mmodzi mwa otsutsa kwambiri anali Fred Hoyle wa ku Cambridge, munthu wosapembedza, amene mu 1948 pamodzi ndi Hermann Bondi ndi Thomas Gold anabweretsa chiphunzitso china choti thambo lilibe chiyambi. Dzina loti Big Bang analitchula koyamba ndi Hoyle yemweyo, pawailesi ya BBC mu 1949, pofotokoza maganizo amene iye ankawakana. Kwa Hoyle, thambo lokhala ndi chiyambi linkanunkha za kutchalitchi. Ndikanakonda mphunzitsi uja akanadziwa zimenezi usiku uja: chida chimene ankakanira nacho Mulungu anachisula ndi wansembe, ndipo ena mwa oyamba kuchikana anachikana poopa kuti chikutsegulira Mulungu khomo.

Mlanduwo unagamulidwa mosayembekezeka. Mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson ankagwira ntchito ndi chimlongoti chooneka ngati lipenga lalikulu ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey ku America. Ankafuna kumvetsera mafunde ochokera kuthambo, koma panali kaphokoso kosatha. Akaloza kummawa kalipo, kumadzulo kalipo, usana, usiku, chilimwe, dzinja. Anafufuza mawaya onse. Anapeza kuti nkhunda zamanga chisa m'lipengamo, anazichotsa, nakolopa zitosi zonse. Kaphokoso kaja kanatsalabe. Pamapeto pake anamva kuti gulu la Robert Dicke payunivesite ya Princeton, pafupi pomwepo, linkakonzekera kufunafuna kaphokoso komweko dala. Kanali kutentha kotsalira kuchokera pamene chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 380,000 zokha. Mukadzuka mmawa n'kupisa dzanja paphulusa la pamafuwa, likakhala lofunda, simufunsa ngati usiku panali moto. Thambo lonse ndi phulusa lotero. Lazizira mpaka madigiri 270 pansi pa ziro, koma silinazizire kotheratu. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1978, ndipo miyeso ya makina a Planck imene inalengezedwa mu 2013 inasonyeza kuti kufutukukaku kwatenga zaka pafupifupi 13.8 biliyoni.

Choncho mphunzitsi uja sananame. Moto unalipo, phulusa lake tikuliona. Wokana zimenezi akukana umboni.

Koma funso la mkulu uja nalonso si la munthu wosadziwa. Ndi funso lakalekale, ndipo abale athu achisilamu ali ndi gawo lalikulu pamenepa. Al-Ghazali, mphunzitsi wotchuka amene anaphunzitsa ku Baghdad n'kumwalira mu 1111, analiyala motere: chilichonse chimene chinayamba chili ndi chochiyambitsa; dziko linayamba; choncho lili ndi woliyambitsa. M'nthawi yathu ino mfundoyi anaiutsanso ndi Mkhristu wa ku America, William Lane Craig, m'buku lake la 1979, ndipo ndi imene imamveka kwambiri m'mitsutso ya m'mayunivesite. Mphamvu yake ili poti ndi mmene tonse timaganizira tsiku ndi tsiku. Mukapeza mbuzi yomangidwa pakhomo panu simunena kuti yangopezeka. Mumafunsa amene wabwera nayo.

Yankho limene achinyamata amathamangira ndi loti nanga Mulunguyo anamulenga ndani. Pamoto paja linatuluka ndithu. Ine ndimaliona lofooka, chifukwa mfundo ya al-Ghazali ikunena za zinthu zimene zinayamba, ndipo amene okhulupirira amamutcha Mulungu ndi iye amene sanayambe. Pali mayankho ena olemera kuposa limeneli, ndipo wokhulupirira woona mtima ayenera kuwamvetsera osanyinyirika.

Sayansi imatibweza mmbuyo mpaka kachigawo kakang'onong'ono ka sekondi yoyamba, koma ikafika pamenepo masamu a Einstein amaleka kugwira ntchito. Chiphunzitso cha kuphulika kwakukulu chimafotokoza mmene chilengedwe chotentha ndi chothinana chinafutukukira n'kuzizira. Mphindi yeniyeni ya chiyambi sichiifika. Akatswiri ena amati mwina kunali chilengedwe china chimene chinafota n'kufutukukanso. Mu 1983 James Hartle ndi Stephen Hawking anapereka ganizo loti nthawi ilibe m'mphepete, moti kufunsa zimene zinalipo isanayambe kuli ngati kufunsa chimene chili kummwera kwa nsonga ya kummwera kwa dziko. Palibe mwa maganizowa amene watsimikizidwa, koma palibenso amene wakwiriridwa. Ndiye pali china chozama. Zonse zimene timadziwa za kuyamba kwa zinthu tinaziphunzira mkati mwa chilengedwe momwemu. Mbiya imayamba, inde, koma dothi linalipo kale. Mwana amayamba, koma makolo analipo. Palibe mmodzi wa ife anaonapo chinthu chikuyamba popanda dothi, popanda malo, popanda nthawi. Kutenga lamulo la m'mudzi n'kukaligwiritsa ntchito kunja kwa dziko lonse kumafuna kudzichepetsa. Ndipo ngakhale titavomera kuti choyambitsa chilipo, kuchoka pamenepo kukafika kwa Mulungu amene amayi aja ankamuimbira m'nyumba ya siwa, womva kulira kwa wamasiye, pali mtunda wautali umene telesikopu singauyende.

Mbali inayo nayonso ili ndi pogwera pake. Mu 2012 katswiri wina, Lawrence Krauss, analemba buku lonena kuti chilengedwe chikhoza kutuluka popanda kanthu. Koma mukawerenga mumapeza kuti popanda kanthu pakepo pali malamulo a sayansi ndi mphamvu zogwedezeka. Nkhokwe yopanda chimanga ikadali nkhokwe, ndipo wina anailuka. Hawking nayenso, m'buku la 2010, ananena kuti poti pali lamulo ngati la mphamvu yokoka, chilengedwe chikhoza kudzibweretsa chokha. Mkulu wa pamoto uja akanamva akanangofunsa kuti lamulolo linachokera kuti, ndipo akanafunsa bwino.

Apa ndi pamene ndimabwerera kwa wansembe uja, chifukwa zimene anachita pa nkhani ya mu 1951 zinandisintha maganizo. Mu Novembala chaka chimenecho Papa Pius XII analankhula kwa akatswiri a sayansi ku Vatican, ndipo anasonyeza kuti zimene sayansi yapezazi zikuchitira umboni kulenga kwa Mulungu. Munthu akanayembekeza kuti Lemaître avina. Chiphunzitso chake chomwe, Papa wake yemwe akuchiyamikira pamaso pa dziko lonse. Koma iye sanakondwe. Analankhula ndi akuluakulu a kumeneko kuti nkhaniyi isamayendetsedwe choncho, ndipo chaka chotsatira Papa polankhula kwa akatswiri a zakuthambo amene anabwera kumsonkhano ku Rome sanaibwerezenso mwanjira imeneyo. Lemaître sanali wofooka m'chikhulupiriro, anakhala wansembe mpaka imfa. Iye ankadziwa kuti chiphunzitso cha sayansi chimatha kukonzedwa mawa, ndipo womangirira chikhulupiriro chake pamtengo umenewo adzagwa nawo mtengowo ukadzadulidwa. Ankaonanso kuti kumutenga Mulungu ngati chotsekera mpata umene masamu alephera ndi kumuchepetsa. Mpatawo ukadzatsekedwa ndi masamu ena, Mulungu wotereyo adzapita kuti?

Maganizo amenewa si achilendo mumpingo. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti nzeru za munthu pazokha sizingatsimikize kuti dziko linayamba tsiku linalake. Chimenecho wokhulupirira amachilandira mwa chikhulupiriro. Koma anati ngakhale dziko likanakhala lopanda chiyambi, likanafunabe wolichirikiza. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi ku Algeria, anatchulapo fanizo la anzeru akale lonena za phazi loponda pafumbi kuyambira muyaya. Chidindo chake chikanakhalapo kuyambira muyaya, koma palibe angakane kuti phazi ndi limene likuchipanga. Ine fanizo langa ndinalipeza pamaliro pomwepo. Ambirife timamuona Mlengi ngati mmisiri amene anamanga nyumba, n'kulandira malipiro, n'kumapita. Tikatero mkangano wonse umakhala wa tsiku limene maziko anakumbidwa. Koma nyimbo imene inkatuluka m'nyumba ya siwa ija sinali choncho. Inalipo pokhapokha amayi akuimba. Akanatseka pakamwa, ikanatha nthawi yomweyo. Ngati chilengedwe chili ngati nyimbo, funso la Mulungu silili zaka 13.8 biliyoni zapitazo kokha. Lili usiku uno, pamene inu mukupuma.

Mu 1714 Gottfried Leibniz wa ku Germany anafunsa chifukwa chimene pali kanthu m'malo moti pasakhale kanthu n'komwe. Limeneli ndiye funso lenileni, ndipo makina aliwonse sadzaliyankha, chifukwa makina amayeza zimene zilipo kale. Mu 1948, pawailesi ya BBC, wansembe Frederick Copleston anatsutsana ndi Bertrand Russell pamfundo yomweyi. Russell anati chilengedwe chingolipo basi, palibe chofunsira kupitirira apo. Copleston anati zinthu zonse zodalira zinzake ziyenera kutsamira pa wina wosadalira kanthu. Onani kuti onse awiri anaima penapake. Palibe amene amafunsa mpaka kalekale. Kusiyana kwake ndi poimapo.

Ine poima panga ndi pa Copleston, ndipo ndikuuzani chifukwa. Chilichonse chimene ndachionapo m'dziko lino chikanatha kusakhalapo. Malemu amene tinkawalira usiku uja kunali nthawi imene kunalibe. Mudzi wathu, phiri la kuseri kwake, dzuwa lenilenilo limene lakhalapo zaka pafupifupi 4.6 biliyoni, zonse zinabwera ndipo zidzapita. Zimandivuta kukhulupirira kuti mulu wa zinthu zobwereka ukakula kwambiri umasanduka mwini wake. Chinanso chimene sindichizolowera ndi chakuti chilengedwechi chimawerengeka. Munthu anakhala pansi ku Louvain ndi pensulo ndi pepala, nalemba mmene thambo liyenera kuyendera, ndipo makina a paphiri la ku California anavomereza. Chifukwa chiyani zimene zili m'mutu wa munthu zikugwirizana ndi milalang'amba imene sadzaifikako? Hoyle yemwe uja, wosapembedza, mu 1953 ananeneratu mwamasamu kachinthu kena kofunika kuti kaboni, amene matupi athu anapangidwa naye, apangike mkati mwa nyenyezi. Atayeza anapeza kuti n'zoona, ndipo kulondola kwa miyesoyo kunamusautsa maganizo zaka zambiri. Ena amayankha kuti mwina pali zilengedwe zosawerengeka, ife tinangopezeka m'chimene chinakhoza. N'kutheka. Koma zilengedwe zinazo palibe anazionapo, choncho woyankha motero nayenso waponda pamene maso sakuona.

Komabe sindingakunamizeni kuti umenewu ndi umboni wogwetsa aliyense. Ndi mapazi oloza njira, ndipo ine ndawatsata. Pali anthu anzeru, oona mtima, amene ayang'ana mapazi omwewo naona maenje okumbidwa ndi mvula. Mkulu wa mpingo uja anawalakwira ponena kuti maso awo ndi okongoletsa nkhope. Ndipo zimandipweteka ndikamva mlaliki akuuza ana asukulu kuti kuphulika kwakukulu ndi bodza la Satana. Mwana wanzeru adzapita ku koleji, adzaona umboni wa phulusa lija, ndipo tsiku limenelo adzataya mlalikiyo pamodzi ndi Mulungu wake. Zimandipwetekanso chimodzimodzi mphunzitsi akamauza ana kuti sayansi inamuchotsa ntchito Mlengi, chifukwa zimenezo mulibe m'masamu alionse, ndi maganizo a mphunzitsiyo atavala malaya a sayansi. Ana athu tikuwakakamiza kusankha pakati pa buku la kusukulu ndi buku la kunyumba ya mapemphero, pamene munthu amene anayambitsa chiphunzitsocho ananyamula onse awiri moyo wake wonse.

Mu 1966 Lemaître ali chigonere ku Louvain, mnzake wa pantchito, Odon Godart, anamubweretsera nkhani ya kaphokoso ka ku Holmdel kaja. Panali patapita zaka 35 chinenereni zoti zonse zinayambira pamodzi. Anamva kuti phulusa lapezeka likadali lofunda, ndipo pa 20 Juni chaka chomwecho anamwalira.

Kumudzi kuja kunayamba kuyera. Nthanda inatuluka, Mlalang'amba unazimirira, adzukulu anatenga makasu kulowera kumanda. Mkangano unatha wopanda wogonja. Mkulu uja poti adzuke miyendo inali itauma ndi chisanu, ndipo mphunzitsi uja ndi amene anamugwira mkono, namunyamulira kampando kake. Ndinawamva akuyenda chapatsogolo panga. Mkuluyo anafunsa kuti, "Paja wati zaka zingati, mwana wanga?" Mnyamatayo anabwereza chiwerengero chija pang'onopang'ono. Mkuluyo anaima, nayang'ana kumwamba kumene nyenyezi zinali zitatsala ziwiri zitatu, kenako anapitiriza kuyenda. M'nyumba muja amayi anali atayamba nyimbo ina.